Alenje a Malo a Gofu ndi Nthaka Imene Amati Ilibe Mwini

Masiku ano kuli mtundu wina wa alenje umene makolo akale sadaudziwe. Alenje amenewa sanyamula uta kapena mkondo, ndipo agalu alibe. Chimene amasaka ndi nthaka. Amakwera ndege kuchoka ku America kunka ku Scotland, ku Australia, ku New Zealand ndi kuzilumba zakutali, ndipo amatha masiku akuyang'anitsitsa mapu ndi zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga, kufunafuna malo amene sipadamangidwe nyumba ngakhale kudutsa msewu, oti n'kulambulapo bwalo latsopano la masewero a gofu.

Adzukulu amene sadaonepo masewerowa pafupi adziwe kuti wosewera amamenya kampira kakang'ono ndi ndodo mpaka kagwere m'kadzenje, ndipo bwalo lathunthu limakhala ndi timaenje 18. Bwalo lotere limadya malo okwana mahekitala 60 kapena kuposerapo, pamene mabanja ambiri akumudzi ku Malawi amalima munda wosakwana hekitala imodzi. Pa dziko lonse lapansi mabwalowa alipo oposa 38,000, ndipo dziko la America ndilo lili ndi ochuluka koposa.

Chimene alenjewa amachilakalaka kwambiri ndi mchenga. Mlimi amadandaula ndi mchenga chifukwa susunga madzi. Katswiri wa gofu amaukonda pa chifukwa chomwecho. Mvula ikagwa madzi amalowa pansi msanga, nthaka imakhala youma ndi yolimba, kampira kamagubuduka bwino, ndipo udzu waufupi umene masewerowa amafuna umamera mosavuta. Kuwonjezera apo, mphepo imakhala itaumba kale zitunda ndi zigwa m'zaka zikwizikwi, kotero kuti ndalama zokumbira ndi kusalaza zimachepa. Mchengawo ukakhala m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndiye kuti mlenje wapha yonona.

Anthu ambiri amati ulenje umenewu udakula chifukwa cha bwalo la Sand Hills, limene lidatsegulidwa mu 1995 pafupi ndi katawuni ka Mullen m'dera la Nebraska ku America. Kumeneko ndi kutali ndi mizinda, dziko la zitunda za mchenga zokutidwa ndi udzu kumene alimi amaweta ng'ombe. Akatswiri awiri, Bill Coore ndi Ben Crenshaw, adayenda pansi m'zitundamo maulendo ambirimbiri asadazike chikhomo n'chimodzi chomwe. Adapeza malo oposa 130 amene adali oyenera kale kukhala mabwalo a timaenje, n'kusankhapo 18 okha, ndipo dothi limene adasuntha lidali lochepa zedi. Pamenepa n'zoyenera kuwayamikira, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anthu atayamba kuyenda mitunda italiitali kukasewera kumeneko, eni chuma adazindikira kuti malo akakhala abwino, osewera amawatsata okha ngakhale ali kumathero a dziko. Mike Keiser adatsegula Bandon Dunes m'mbali mwa nyanja ku Oregon mu 1999. Mu 2004 ku Tasmania kudatsegulidwa Barnbougle Dunes, pa mchenga wa m'mphepete mwa famu ya mbatata ndi ng'ombe.

Luso lawo palibe angalitsutse. Vuto lagona pa mawu amene amagwiritsa ntchito pofotokoza malo amene akusaka. Amati ndi malo osatukulidwa, malo opanda kanthu, malo ongokhala. Mawu amenewa ndiwo ayenera kuunikidwa, chifukwa munthu akanena kuti pamalo palibe kanthu, kawirikawiri amakhala akungonena kuti iyeyo sadaonepo chimene amachidziwa.

Chichewa chili ndi maina ambiri a nthaka imene ikuoneka yongokhala, ndipo dzina lililonse limatchula mwini wake mobisa. Tsala ndi munda umene waugoneka kuti upume. Mlendo amaonapo tchire, koma a pamudzi amadziwa kuti ndi la banja lakutilakuti, ndipo malire ake amathera pa chulu chakutichakuti. Bwinja ndi pamene padali mudzi kale, ndipo mitengo ya mango imene idatsala imachitira umboni. Dambo limaoneka lopanda ntchito m'dzinja, koma m'chilimwe ndi msipu wa ng'ombe ndi mbuzi, ndi madimba, ndi gwero la udzu wofolera nyumba ndi bango lolukira mphasa. Tsono pali kamsitu kowirira kamene munthu woyenda pa msewu wa m'chigawo chapakati amakaona pakati pa minda yoyera. Nkhwangwa sikhudza mitengo imeneyo ngakhale nkhuni zitasowa, chifukwa pamenepo ndi pamanda. Pa chithunzi cha mumlengalenga, malo amene mudzi umawalemekeza koposa ndiwo amaoneka opanda mwini koposa. N'chifukwa chake mwambo udali woti wobwera ayambe wafika kwa nyakwawa kukapempha malo, ndipo nyakwawayo sinkayankha isadafunse akuluakulu a pamudzi, pakuti iwo ndiwo ankakumbukira kuti pansi pa mtengo uti pagona ndani. Akuluakulu ankati safunsa adadya phula.

Phula limeneli adalidya ku Oka, tawuni ya m'dera la Quebec ku Canada, kumadzulo kwa mzinda wa Montreal. Kumeneko kuli anthu a mtundu wa Mohawk a mudzi wa Kanesatake, amene makolo awo adali m'dziko limenelo azungu asadafike. Mu 1717 mfumu ya ku France idapereka malowo kwa ansembe a chipani cha Sulpice, ndipo kuyambira pamenepo a Mohawk adakhala akudandaula kuti nthaka yawo idagawidwa iwo osafunsidwa. Pakati pa malowo pali nkhalango ya mitengo ya paini, ndipo m'nkhalangomo muli manda awo. Mu 1961 mbali ina ya malowo idasandutsidwa bwalo la gofu la timaenje 9. Mu 1989 akuluakulu a tawuni adalengeza kuti bwalolo likulitsidwa kufika timaenje 18, ndi kumangapo nyumba zogulitsa. Kwa iwo nkhalangoyo idali malo ongokhala.

M'mwezi wa March 1990 a Mohawk adatseka kamsewu kolowera m'nkhalangomo. Pa 11 July apolisi adabwera kudzawachotsa, mfuti zidalira, ndipo wapolisi wina, Marcel Lemay, adafa. Asilikali a boma adaitanidwa, ndipo mbali ziwirizi zidayang'anizana masiku 78, mpaka pa 26 September. Mapeto ake bwalolo silidakulitsidwe, ndipo boma la Canada lidagula malo okanganiranawo. Munthu adataya moyo, ana adaona mfuti zitaloza makolo awo, zonsezi chifukwa cha timaenje 9 timene sitidakumbidwe n'komwe. Mchewa aliyense amene adaperekezapo maliro akadafunsidwa, akadawachenjeza tsiku loyamba lomwe kuti kumanda sikuseweredwa.

Mawu oti nthaka ilibe mwini si achilendo ku Malawi. M'zaka za m'ma 1890, Harry Johnston adapereka kwa azungu zikalata zotsimikiza umwini wa malo aakuluakulu a ku mapiri a Shire. Ena mwa malowo ankaoneka opanda anthu chifukwa nkhondo ndi ogwira akapolo zidathawitsira eni ake m'mapiri. Chimene chidatsatira ndi thangata, ndipo mkwiyo wake udaphulika mu 1915 pa nthawi ya John Chilembwe. Pamenepo nkhani idali ya khofi, thonje ndi fodya osati gofu, koma diso loyang'anira nthaka lidali lomwelo.

Nthawi zina wosafunsidwayo sakhala munthu. Mu 2006 Donald Trump adagula malo a Menie, kumpoto kwa mzinda wa Aberdeen ku Scotland, kumene kudali milu ya mchenga yoyenda: mphepo inkaisuntha pang'onopang'ono chaka ndi chaka, ndipo chifukwa cha kusowa kwa malo otere boma lidaiteteza ndi lamulo. Mu 2007 komiti ya khonsolo idakana pempho lake. Boma la Scotland lidalanda nkhaniyo m'manja mwa khonsoloyo ndipo mu 2008 lidavomereza, ponena kuti phindu la chuma liposa chiwonongeko. Padalonjezedwa hotela yaikulu ndi ntchito zikwizikwi. Anthu ena okhala m'mbali mwa malowo adakana kugulitsa nyumba zawo, ndipo adakhala pa mkangano ndi kampaniyo zaka zambiri. Bwalo lidatsegulidwa mu 2012, mchenga woyenda uja utamangidwa ndi udzu wochita kubzala. Mu 2020 bungwe la boma loona zachilengedwe, NatureScot, lidachotsa mbali imeneyo pa mndandanda wa malo otetezedwa, chifukwa chimene chinkatetezedwacho chidali chitawonongeka. Ntchito zimene zidapezeka zidali zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene zidalonjezedwa. M'chaka chomwecho cha 2020 boma la Scotland lidakana pempho lofanana nalo la bwalo ku Coul Links, kumpoto kwa dzikolo, kumene Mike Keiser yemwe uja adali mmodzi mwa opempha.

Komabe kungakhale kupanda chilungamo kunena kuti mlenje aliyense wa malo amabweretsa tsoka. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Tawuni ya Inverness, ya pa chilumba cha Cape Breton ku Canada, idakula chifukwa cha migodi ya malasha, ndipo migodiyo itatsekedwa achinyamata adayamba kuthawira kumizinda kukasaka ntchito. Pakati pa tawuni ndi nyanja padatsala nthaka yovulala ndi zinyalala za mgodi. Anthu a m'tawuniyo ankalakalaka bwalo la gofu pamalopo kwa zaka zambiri, ndipo Ben Cowan-Dewar mothandizana ndi Keiser adatsegula Cabot Links mu 2012. Alendo adayamba kufika, ntchito zidapezeka, nthaka ya mgodi idameranso udzu. Kusiyana kwa Inverness ndi Oka sikuli pa masewero, pakuti ndi amodzimodzi. Kuli pa mfundo yoti ku Inverness eni mudzi ndiwo adatsekula chitseko. Ndipo kampani yomweyo itafuna gawo la malo otetezedwa a West Mabou Beach, pa chilumba chomwecho, anthu adagawikana maganizo ndipo boma la Nova Scotia lidakana mu 2023. Kuvomeredwa pa khomo limodzi si chilolezo cholowera mudzi wonse.

Wina anganene kuti kufunsa kumachedwetsa chitukuko, ndipo mudzi wosauka sungakane ndalama chifukwa cha mchenga ndi mbalame. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu yake, ndipo amene ali ndi ntchito kale asafulumire kuinyoza. Koma woyenera kuyeza phindu ndi chitayiko ndi amene adzatsale pamalopo bwalo likadzalephera, osati amene adzakwere ndege kubwerera kwawo. Ndiponso kufunsa mfumu yokha m'chipinda, kapena nduna ya boma mumzinda, si kufunsa mudzi. Mayi amene amatola nkhuni pamalopo, mbusa amene amadyetsapo ziweto ndi msodzi amene amadutsapo popita kugombe saoneka pa mapu, koma ndiwo amayamba kugunda mpanda ukamangidwa.

Chodabwitsa n'chakuti masewero a gofu eni ake adabadwira pa nthaka ya mudzi wonse. Ku St Andrews, kumene osewera amakuyesa kwawo kwa masewerowa, chikalata cha mu 1552 chidatsimikiza ufulu wa anthu a m'tawuniyo wodyetsa ziweto, kusewera mpira ndi gofu pa mchenga wa m'mbali mwa nyanja, uku bishopu wamkulu akuwetapo akalulu. Padalibe mpanda. Nkhosa ndizo zinkameta udzu. Mpaka lero bwalo lakale la kumeneko limapuma Lamulungu, kupatula pa mipikisano ikuluikulu, ndipo mabanja amayendapo ndi ana ndi agalu awo. Alenje amakono amayenda dziko lonse kusaka mchenga wofanana ndi wa St Andrews, koma ambiri amatengako maonekedwe okha, n'kusiya mwambo wogawana malo umene udali pamenepo.

Pa chilumba cha South Uist, kumadzulo kwa Scotland, kudachitika zophunzitsa pa mbali zonse ziwiri. Mu 1891 katswiri wotchuka Old Tom Morris adalambula bwalo pamalo otchedwa Askernish, m'dambo la mchenga la m'mphepete mwa nyanja kumene alimi ang'onoang'ono amadyetsa ziweto zawo pamodzi. M'kupita kwa zaka bwalolo lidaiwalika n'kubwerera ku msipu. Mu 2006 anthu a pachilumbapo adagula nthaka yawo kwa eni ake akale, ndipo pa nthawi yomweyo ntchito youkitsa bwalo lija idali itayamba. Apa padalibe mlendo wolanda, komabe alimi ena adakana, poopa kutaya msipu, ndipo mlandu udakafika kukhoti loona za malo. Anthu a mudzi umodzi, opemphera m'tchalitchi chimodzi, adayang'anana ndi diso lofiira. Bwalo lidatsegulidwa mu 2008, lokonzedwa posasuntha dothi lambiri ndiponso losamalidwa popanda feteleza wa m'sitolo. Ufulu wa alimi wodyetsa ziweto sudafafanizidwe, ndipo m'miyezi yozizira ng'ombe ndi nkhosa zimabwerera kudzadya udzu pamene alendo ankamenyapo kampira m'miyezi yotentha.