Muvi ukagona, chala chimagogoda galasi

Wotchi ikaima, Mmalawi amaigogoda ndi chala. Sikelo ikakakamira, chala chomwecho. Mlamu wake wa mlembi wa danga lino, wa ku Area 25, wagogoda geji ya makina ake ophikira khofi wa espresso mpaka galasi lakalika ndi chikhadabo, koma muvi uli gone pa ziro, osatekeseka.

Makinawo ndi akaunjika, aja amabwera m'makontena kuchokera ku UK pamodzi ndi maayironi ndi maketulo. Mwayi wake, pulagi ya mano atatu ya ku Britain ndi yomwenso ili m'makoma a kuno, ndipo magetsi ake ndi 230 volts ngati akuno. Amene amalandira zoterezi kwa abale a ku America, kumene magetsi ndi 120 volts, amangoona utsi tsiku loyamba lomwelo. Pa makina a mlamuwa khofi amatuluka ndithu, wathovu lake pamwamba. Chovuta chinali muvi basi, ndipo anzawo onse anati: "Nanga si zikugwira ntchito, achimwene? Isiyeni."

Mawu amenewo ndi amene amukwiyitsa mlembiyu sabata ino.

Espresso amaphikidwa ndi presha. Madzi otentha amakankhidwa kudutsa mu ufa wa khofi wotsenderedwa, pa mphamvu ya 9 bar, kwa masekondi 25 kapena 30. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa pafupifupi 2.2 bar, ndiye kuti m'kamakina ka pa tebulo kameneka muli presha yoposa ya tayala kanayi. Muyezo wa 9 bar unakhazikika ndi makina a pampu a Faema E61, amene anatuluka ku Italy mu 1961. Presha ikachepa, khofi amatuluka wamadzimadzi ndi wowawasa. Ufa ukasalala mopitirira, madzi amavutika kudutsa ndipo amadontha pang'onopang'ono, khofi n'kuwawa. Geji ndiye mboni yokhayo youza wophika chimene chikuchitika m'kati.

Kuseri kwa galasilo mulibe zaufiti. Muli kapaipi kamkuwa kophwatalala, kopindika ngati chilembo cha C, kotseka mbali imodzi. Madzi akalowa ndi mphamvu, kapaipiko kamayesa kuwongoka, n'kukoka timagiya timene timazunguza muvi. Nzeru imeneyi ndi ya Eugène Bourdon wa ku France, ya mu 1849, ndipo ndi yomweyo ili pa kompuresa ya wopopa matayala ku Kawale ndi pa mabotolo a gasi a owotcherera zitsulo.

N'chifukwa chake mmisiri amene anathetsa nkhaniyi sanali wokonza za kukhitchini, koma makaniki wachikulire wa ku Biwi, yemwe khofi wa mtunduwu sanamulawepo. Iye anazolowera geji ya oyilo ya malole akale, yomwenso imalandira presha kudzera m'kapaipi kowonda. Sanagogode. Anazula pulagi, anadikira makina azizire, anatsegula mpopi wa nthunzi kuti presha yotsala ituluke, kenaka anafunsa mafunso awiri. Kodi muvi umabwerera pa ziro makina akazima? Kodi madzi amene mumathiramo ndi a kuti?

Funso loyambalo lili ndi nzeru. Muvi ukamakana kubwerera pa ziro, ndiye kuti kapaipi ka Bourdon kapindika kosabwereranso, ndipo geji yotero ndi yongotaya n'kugula ina yofanana nayo manambala ndi mazinga. Koma muvi ukangogona pa ziro pamene pampu ikulira ndipo khofi akutuluka bwino, kawirikawiri geji ilibe mlandu: njira yake ndiyo yatseka. Lachiwirilo linayankhidwa ndi ketulo ya pakhomopo. Mipope ikauma, banjalo limatunga pamjigo, ndipo madzi a pansi pa nthaka amasiya zoyerayera zouma zija zimamatirira m'ketulo. Zimenezo zikalowa m'kapaipi kowonda, zimakatseka msanga.

Madalawo anamasula kapaipiko ndi masipanala awiri, ina yogwira ina yopotokola, kuti mkuwa usathyoke. Anakaviika m'madzi ofunda osungunuliramo citric acid, asidi yemwe amapezekanso m'mandimu, n'kukhala pansi kudya chinangwa. A mlamu anayamba kuyang'ana nthawi pa foni. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mlembiyu, amene mwambiwu amaukonda mwina mopitirira, anawakumbutsa. Atakapemerera ndi mpweya wa kompuresa n'kukabwezera, muvi unadzuka.

Tsono apa ndi pamene mlembiyu akufuna kudandaula, poti geji ya khofi ndi nkhani ya anthu ochepa. Aliyense amene anakhalapo mpando wakutsogolo m'minibasi ya ku Chinsapo kapena ku Area 23 anaiona mivi yakufa. Wa liwiro uli pa ziro galimoto ikuthamanga. Wa mafuta unagona kalekale, ndiye dalaivala amayeza ndi mutu, ndipo mutuwo ukalakwitsa, anthu khumi ndi asanu amakhala padzuwa kudikira kondakitala amene wathamanga ndi chigubu. Wa kutentha kwa injini nawo zii, mpaka nthunzi ituluke pansi pa mpando. Wokwera akafunsa, yankho ndi lomwe lija: "Musadandaule bwana, galimotoyi timaidziwa." Opopa matayala ena nawo geji inasweka chaka chatha, amangomenya tayala ndi sipanala n'kumvetsera kulira kwake. Tayala loperewera mpweya limatentha, limadya mafuta, limaphulika panjira, koma amene amalipira ndi wokwera.

Muvi wakufa uli ndi ubwino umodzi: sunama. Woopsa ndi muvi wamoyo wophunzitsidwa bodza. Nyengo yokolola ikafika, mavenda amapachika masikelo m'mitengo m'misika ya kumidzi yozungulira Lilongwe, kugula soya, mtedza ndi chimanga, ndipo chaka ndi chaka alimi amadandaula za masikelo ochunidwa. Sipuling'i ikangokhudzidwa pang'ono, thumba la makilogalamu 50 limapepuka lisanatsike panjinga. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, ndi limene lili ndi udindo woyeza masikelo amalonda ndi mapampu a mafuta, ndipo sikelo yoyezedwa imaikidwa chizindikiro. Ndi alimi angati amene amafunsa chizindikirocho venda ataima ndi ndalama m'manja, kunyumba ana akudikira fizi?

Makaniki wa ku Biwi uja akakayika geji, amalumikiza ina imene amaikhulupirira, n'kuona ngati ziwirizo zikugwirizana. Mlimi naye angathe kuchita chimodzimodzi osawononga ndalama. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Chigubu cha malita 5 chodzaza bwino chiyenera kukankha muvi kufika pa 5, n'kupitirira pang'ono chifukwa cha kulemera kwa chigubucho. Achipachike chimenecho choyamba, thumba lisanamasulidwe panjinga, ndipo aone ngati vendayo sayamba kunena kuti sikelo yake lero yadzuka molakwika.