Si dzimbiri, si ufiti: fupa la m'chiuno limafa ndi njala ya magazi

Kuno ku Lubuto nkhani iyi tikuidziwa. Mnyamata wagwa pa njinga yamoto, wathyoka m'chiuno, amuchita opaleshoni, amumanga ndi maskuluu. Wachira, wabwerera ku ntchito. Patapita chaka wayamba kutsimphina, ululu uli m'mphechepeche. Pomwepo khoti la pamsika lagamula: wina akuti chitsulo chachita dzimbiri, wina akuti amalume amulodza. Ndalama zathera kwa sing'anga, mwendo ukufupika.

Ife tikuti lekani, anzathu. Bodza ili likulemaza anthu.

Fupa ndi chamoyo, limadya. Mutu wa fupa la ntchafu, kampira kaja kolowa m'chiuno, umalandira magazi kudzera m'timitsempha tating'ono tokwera m'khosi mwa fupalo. Khosi likathyoka, timitsemphato timaduka kapena kupindika. Popanda okosijeni, maselo a fupa amafa pasanathe masiku awiri. Dokotala angalumikize fupa bwinobwino, koma maskuluu sasoka mitsempha. Matendawa amatchedwa avascular necrosis.

Nanga bwanji ululu umachedwa? Fupa lakufa limayamba laima nji ngati mtengo wouma, ndipo kwa miyezi X-ray sionetsa kanthu. Kenako thupi limatumiza maselo ogumula, ma osteoclast, kukadya chakufacho. Omanga, ma osteoblast, amatsalira m'mbuyo. Pogumula pakachuluka kuposa pomanga, mutu uja umaphwatalala ndi kulemera kwa thupi. Izi zingaoneke ngakhale patatha zaka ziwiri kapena zitatu.

Tisaiwale mlandu wathu. Mowa wambiri, komanso mapilisi monga dexamethasone ndi prednisolone omwe ena timamwa popanda dokotala kuti tinenepe, amachititsa maselo a m'kati mwa fupa amene akanakhala omanga kusanduka mafuta, ndipo mafutawo amapanikiza timitsempha totsala. Fodya amatifinya. Sickle cell imatitseka, ngakhale munthu asanathyoke. Mfiti tikuifuna kumudzi, pamene ili m'thumba mwathu.

Nanunso a zaumoyo, musangolemba tsiku la review pakhadi. Muuzeni wodwala m'chilankhulo chake kuti bala kupola sindiye kuti fupa lapulumuka. Munthu amene sanauzidwe zoona amakagula bodza, ndipo ogulitsa ndi ambiri.

Ngati munathyoka m'chiuno, musaphonye review ngakhale mukuthamanga kale. Ululu ukabwerera, pitani ku kiliniki ya Lubuto, pemphani kalata yopita ku Ndola Teaching Hospital, ndipo funsani za MRI, imene imaona matendawa X-ray isanaone. Mutu usanaphwatalale, madokotala angayese kuupulumutsa. Ukaphwatalala, kawirikawiri chotsala ndi chiuno chochita kuikirira, chodula, chimenenso chimatha ndi zaka. Kwa munthu wa zaka 25, imeneyo ndi ngongole ya moyo wonse. Amalume asiyeni, pitani mukaonetse mwendo.