VOTI YANU NDI IMENE IDATSEGULA NJIRA



Kuyambira kale alendo ochokera kumaiko akutali akhala akutsikira pano pa Likhubula. Anyamata athu amawasenzera zikwama kukwera nazo ku Chambe, ku Lichenya, ena mpaka ku Sapitwa. Mlendo amasamba pa Dziwe la Nkhalamba, kujambula zithunzi zake, n'kubwerera kwawo mtima uli m'malo. Nanga ife eni nthaka? M'nthawi ya chipani chimodzi, Mmalawi kungotchula ulendo wa ku Tanzania kudali kudziitanira tsoka. Mlendo womasuka m'dziko lathu, mwini dziko womangika. Zoona zimenezo?

Achinyamata amene mudabadwa zinthu zitasintha kale, tamverani m'mene njirayi idatsekekera. Mu September 1964, patangotha miyezi iwiri tilandilire ufulu wodzilamulira, Dr Kamuzu Banda adasemphana maganizo ndi nduna zake. Zina mwa nkhani zimene adakanganirana zidali tiki imene odwala ankalipitsidwa kuchipatala, komanso ubale wathu ndi maiko ena monga China ndi Apwitikizi. Ena adachotsedwa, ena adatula okha udindo, ndipo posakhalitsa adathawa m'dziko muno. A Kanyama Chiume ndi a Orton Chirwa adakakhala ku Tanzania. Mayi Rose Chibambo, omwe aja nkhope yawo mumaiona pa K200, adathawira ku Zambia. A Henry Masauko Chipembere adamwalirira ku America mu 1975 osaonanso kwawo ku Mangochi.

Anthu onsewa boma lidawapatsa dzina limodzi: zigawenga. Ndiye popeza ambiri mwa iwo adali ku Dar es Salaam, aliyense wolozako phazi ankaoneka ngati akukakumana nawo. Makalata ankatsegulidwa. Lamulo la 1966 lolanda katundu linkalola boma kutenga nyumba ndi chuma cha munthu popanda kupita naye kukhoti. Choncho amene adali kunja sakadabwera, amene adali kuno sakadapita. Maliro a mayi ako umve pakamwa pa anthu, ulire chamumtima, chifukwa ngakhale misozi inkatha kukupereka.

Amene adayesa kuyandikira kwawo adaziona. A Orton Chirwa ndi akazi awo Mayi Vera Chirwa adagwidwa mu December 1981 cha kumalire a dziko lino ndi Zambia. Mu 1983 adawagamula kuti anyongedwe, kenaka chilango chidasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. A Orton adafera m'ndende ya Zomba mu October 1992. Mayi Vera adatuluka mu January 1993, atakhala m'ndende zaka 11. A Chakufwa Chihana adapita ku Lusaka kumsonkhano wa Amalawi ofuna demokalase. Pobwerako pa 6 April 1992, atangotsika ndege ku Lilongwe, apolisi adawagwira pomwepo.

Mwina wina anena kuti, "Amenewo adali akuluakulu andale, ife a kumudzi zidatikhudza pati?" Aa, mwaiwala kodi? Mboni za Yehova sizidali nduna. Adali anansi athu, olima chimanga ndi nandolo ngati ife tomwe. Mpingo wawo udaletsedwa mu 1967, ndipo chifukwa chokana kugula khadi la chipani adamenyedwa, nyumba zawo kutenthedwa. Mu 1972 zikwizikwi adathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Pambuyo pake ambiri adakasungidwa m'misasa ya ku Carico m'boma la Milange, kutsidya kwa Muloza komweku. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Taonaninso ichi. Nkhondo itakula ku Mozambique, ife tidalandira othawa kwawo oposa miliyoni imodzi. Kuno ku Mulanje tidagawana nawo madzi, nkhuni ndi malo. Tidachita bwino, pakuti ambiri ndi abale athu enieni, Alhomwe ndi Amang'anja anzathu amene malire adangotidula pakati. Koma si zodabwitsa kodi kuti dziko lolandira ana a eni ake linkakana ana ake omwe?

Tsono njira idatseguka bwanji? Sikuti wina adadzuka m'mawa n'kutimvera chisoni, ayi ndithu. Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Chikatolika idawerengedwa m'matchalitchi, anthu n'kuyamba kulankhula poyera zimene ankanong'onezana. Kenaka padafika riferendamu ya pa 14 June 1993: nyali kapena tambala wakuda. Ankatiopseza kuti matipate ndi nkhondo. Inu simudamvere. Mudalawira m'mamawa kukuzizira, kuima pamzere, ndipo mwa anthu atatu alionse pafupifupi awiri adasankha nyali. Mwezi womwewo usadathe, Nyumba ya Malamulo idalola zipani zambiri, ndipo chaka chomwecho lamulo la chikhululukiro lidatsegulira khomo onse amene adathawa pa zifukwa za ndale. Pa 12 August 1993 chiletso cha Mboni za Yehova chidachotsedwa. Mu 1994 a Chiume ndi Mayi Chibambo adapondanso dothi la kwawo patatha zaka 30. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Nkhondo ija ankanena idabwera? Anthu aja ankatchedwa zigawenga adabwera ndi mfuti? Adabwera ndi imvi ndi zidzukulu zosadziwa manda a makolo awo. Lero amayi a geni amakwera basi kudzera pa Songwe kukapikula zitenje ku Tanzania, kubwerako osabisala. Malamulo aakulu a dziko lino, mu gawo 39, amanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wotuluka m'dziko muno ndi kubwereranso. Gawo limeneli lidalembedwa ndi voti yanu.

Sitikubisa kuti ulendo uli ndi minga yake. Alipo ana athu amene amapita ku Joni opanda mapepala n'kukavutikako. Alipo atsikana amene anyengedwa ndi anthu oipa kuti kunja kuli ntchito yabwino, n'kukapezeka ali paukapolo. Koma mankhwala ake si kutsekanso njira. Njira yowongoka ikatsekedwa, anthu amadzera m'tchire, ndipo m'tchiremo ndi m'mene muli afisi.

Apa ndiye pagona nkhani yathu. Njira satseka ndi apayoniya okha. Amatsekanso ndi mtengo wa pasipoti, ndi mizere yosatha, ndi ziphuphu. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti idaima kwa masabata angapo, anthu a geni, ana a sukulu ndi odwala ofuna chithandizo kunja n'kungokhala manja ali m'khosi. Ufulu umene mayi wothyola tiyi kapena mnyamata wosenza zikwama sangaukwanitse, ndi ufulu wa papepala chabe.

Choncho aliyense wobwera pano pa Likhubula kudzapempha voti, kaya ndi wa chipani chiti, musamuvinire msanga. Mukhazikeni pansi mumufunse mafunso atatu. Kodi pasipoti mudzaiika pa mtengo woti munthu wa kumudzi n'kuifikira? Kodi wopita kukaona abale kapena kukagulitsa malonda kutsidya kwa Muloza adzadutsa mwaulemu, osapemphedwa kangachepe? Kodi Mmalawi wodzudzula boma ali kunja adzatsika ndege n'kukagona kunyumba kwake? Akayamba kuzungulirazungulira, mwamudziwa.

Ndipo inu agogo amene mudaima pamzere tsiku lija, musaumire nkhani imeneyi. Auzeni adzukulu anu madzulo pamoto. Nyali siyaka yokha, imafuna woithira palafini. Kalembetseni nthawi ya kalembera ikakwana, sungani bwino chiphaso chanu, ndipo tsiku la chisankho mukalawire ngati m'mene mudalawirira pa 14 June 1993.

Njira idatseguka ndi voti. Idzakhala yotseguka ndi voti yomweyo.