Kamarau Wouma Si Kapenta

Mwezi uno tiyeni tilowe m'khichini. Pali cakudya cimene ambiri a ife tinakula tisanacionepo, popeza dziko lathu liri kutali ndi nyanja ya mcere. Anzathu a ku Mozambique amacichula kuti kamarau, pamene m'Cingerezi amati shrimp. Ndi tinyama ta m'madzi, acibale a nkhanu, topindika ngati kacala ka khanda, tofiirira ndiponso ta ndevu zazitali. Asodzi amatigwira kwambiri ku gombe la pakati pa Beira ndi Quelimane, ndipo ting'onoting'ono amatiyanika pa dzuwa, ena atayamba atiwiritsa m'madzi a mcere. Tikauma timayenda ulendo wautali osaonongeka, ncifukwa cake timatha kufika kuno m'katundu wa apaulendo olowera pa Chanida kufupi ndi Katete, kapena kupezeka m'masitolo ogulitsa zakudya za ku China mu Lusaka.

Munthu woona kamarau wouma koyamba amangoti, "Aka ndi kapenta ka mtundu wina." Ndiye amakhuthulira mbale yonse mu mphika, nathira matimati, anyezi ndi mcere monga mwa masiku onse. Pa nthawi ya nsima ndiwo ziri zolimba, zowawa mcere, fungo lake ladzaza nyumba, ana akungoyang'anana. Ndalama zapita, ndipo mai wa pa nyumba walumbira kuti sadzagulanso. Colakwa sicinali ca kamarau ai. Iye payekha sali ndiwo. Nchito yake ikufanana ndi ya nsinjiro, ndiko kukoleretsa ndiwo zina. Dzanja limodzi likwanira mphika wa banja lonse.

Poyamba musankhe bwino pa licero, kucotsa mcenga ndi tizigoba ta nkhono, pakuti zouma pa gombe sizilephera kutola zinyalala. Mukafuna kumphika wathunthu, mtsukeni, kenaka mviikeni m'madzi ofunda kwa mphindi 10 kapena 15 kuti afewe. Madzi oviikamo aja musataye, cifukwa kukoma kwambiri kwatsalira mommo. Asefeni pa kansalu koyera ndi kuwasunga pambali. Kamarau mumkazinge m'saladi pang'ono pamodzi ndi anyezi kufikira fungo lakuthwa lija litasanduka lonunkhira, ndipo pamenepo muike matimati, masamba anu, ndi madzi aja. Mpunga wophikidwa motere nawonso sufuna nyama.

Koma njira imene ine ndiiona yoyenera mabanja athu ndi ya mtondo. Wouma comweco, osamviika, mkazingeni m'ciwaya copanda mafuta pa moto wocepa, mukutakasa kuti asapserere. Akazizira msinjeni mpaka akhale ufa. Masupuni 2 a ufa umenewu, othiridwa pamodzi ndi nsinjiro mu cibwabwa, bonongwe kapena therere, amasintha ndiwo za masiku onse kotero kuti mlendo amafunsa cimene mwaikamo. Posinja, zigoba zake zimadyedwa pamodzi, ndipo m'zigobamo muli kashiamu wolimbitsa mafupa, monga momwe ziriri ndi minga ya kapenta. Nzeru imeneyi eni ake anaidziwa kale: ku Inhambane ndi ku Maputo amaphika matapa, ndiwo cigwada cosinja ndi adyo, cophikidwa nthawi yaitali ndi nsinjiro, mkaka wa kokonati ndi kamarau kapena nkhanu. Kokonati ndi wosowa kwathu kuno, koma cigwada ndi nshawa ziri m'munda.

Mcere muziika pomaliza, mutalawa. Kawirikawiri simudzaufuna konse, ndipo amene adokotala anawaletsa mcere wambiri cifukwa ca kuthamanga kwa magazi asaiwale zimenezi.

Pali cenjezo limene sindingalisiye. Anthu ena matupi ao sagwirizana ndi kamarau ndi nkhanu. Akadya, thupi limayabwa, milomo ndi maso zimatupa, ena amasanza kapena kubanika. Kuphika sikucotsa vutoli, ndipo ufa wocepa wobisika m'ndiwo ungadwalitse munthu wotere. Cotero muziuza alendo cimene mwathira mu mphika, ndipo wolawa koyamba ayambe ndi pang'ono. Wina akayamba kupuma mobvutika, musayembekeze kuti zidzatha zokha. Thamangani naye ku cipatala.

Ena angafunse ngati cakudyaci ncololedwa, popeza buku la Levitiko, mutu 11, linaletsa Aisraeli zamoyo za m'madzi zopanda zipsepse ndi mamba. Malamulo a zakudya amenewo satimanga ife, ndipo pa Citatu ca Phulusa ndi pa Cisanu m'nyengo ya Lenti, pamene tisala nyama, za m'madzi zimaloledwa. Koma ngati mwaitana mnansi wa mpingo umene usungabe lamulolo, ulemu ndiwo kumphikira zina.

Pogula, nunkhizani. Wabwino amanunkhira nyanja, ndi wouma gwa, ndipo samamatirana. Wonunkha ngati mkodzo, wonyowa kapena wa nkhungu msiyeni, ngakhale mtengo utsike cotani. Ku nyumba msungeni m'botolo lotseka bwino, kutali ndi cinyezi ndi nyerere, ndipo m'nyengo ya dzinja muzimtulutsa pa dzuwa nthawi ndi nthawi. Ufa umatha fungo msanga, cotero muzisinja wokwanira sabata imodzi kapena ziwiri basi.