Mwana Alawe Asanakane

Berlin ndi mzinda waukulu wa dziko la Germany. Mumzindamu muli dera lochedwa Lichtenberg. Kumeneko kumakhala mabanja ambiri ocokera ku Vietnam, dziko la kutali ku Asia. Ena mwa mabanjawa ali ndi nyumba zodyeramo zing'onozing'ono. Madzulo anansi awo amabwera ndi ana kudzagula cakudya. Amakhala pa tebulo, amadya, amalipira, n'kubwerera kwawo.

Mwana wa ku Angónia atalowa m'nyumba yotere angadabwe kwambiri. Nsima mulibe. Fungo la msuzi ndi lacilendo. Anthu akudya ndi timitengo tiwiri. Mwanayo angafune kutseka mphuno ndi kunena kuti: "Izi ine ayi!" Koma kutero si bwino. Mwana ayenera kuyamba walawa, ndipo makolo ayenera kumuthandiza kulawa.

M'mbale muli ciani?

Mantha ambiri amabwera cifukwa ca kusadziwa. Tsono ndi bwino kudziwa zimene zili m'mbale.

Cakudya cochuka m'nyumba zimenezi ndi pho. Eni ake amachula dzinali pafupifupi ngati "fa". Pho inayambira kumpoto kwa Vietnam zaka zoposa 100 zapitazo. Wophika amawiritsa mafupa a ng'ombe kwa maola ambiri. Amaikamo anyezi wootcha, jinja ndi zokometsera zina. Msuzi ukapsa, amauthira m'mbale yolowa. M'mbalemo muli tizingwe toyera topangidwa ndi ufa wa mpunga, ndi nyama yodula mopyapyala. Pambali amaika masamba onunkhira, ndimu ndi tsabola. Aliyense amathira yekha monga afunira. Mwana woopa tsabola amangomusiya.

Mafupa, anyezi, mpunga, ndimu: kodi pali cimene mwana wa ku Tete sacidziwa? Zonsezi zimapezeka pamsika wa kwawo. Casiyana ndi kaphikidwe cabe.

Nanga fungo lija? Limacokera ku madzi a nsomba ochedwa nuoc mam. Asodzi amaika tinsomba ting'onoting'ono ndi mcere m'migolo ikuluikulu. Zimakhala momwemo miyezi yambiri, ngakhale caka cathunthu. Kenako amasefa madzi ake ofiirira. Madziwa amagwira nchito ya mcere m'ndiwo. Cilumba ca Phu Quoc ndi cochuka ndi nchito imeneyi. Asodzi a ku Cahora Bassa amathira mcere pa kapenta ndi kuyanika padzuwa. Onsewa akufuna cinthu cimodzi: kusunga nsomba kuti isaole. Kapenta nayo ili ndi fungo lake, koma mwana amene anakula nayo amaikonda.

Ulemu wa pa tebulo

Cakudya cimabwera ndi mwambo wake. M'mabanja ambiri a ku Vietnam, makamaka a kumpoto, mwana sayamba kudya. Amayamba waitana agogo, bambo ndi mayi kuti adye. Ndiwo zimakhala pakati, ndipo onse amatapa m'mbale zomwezo. Aliyense amakhala ndi kambale kake ka mpunga. Timitengo sazika cilili mumpunga, cifukwa zimafanana ndi lubani woyatsira akufa.

Mwana wa Cinyanja amaudziwa kale ulemu wotere. Iye amabweretsa madzi kuti akulu asambe m'manja. Amadikira kuti akulu ayambe kutema nsima. Satapa nyama yonse m'mbale ya onse. Mwana amene anaphunzira izi kwawo sangasowe cocita pa tebulo la eni ake. Timitengo tikamuvuta, angapemphe supuni mwaulemu. Palibe amene angamuseke.

Anafika bwanji kumeneko?

Cifukwa cacikulu colawira ndi anthu amene aphika. Iwo ali ndi mbiri, ndipo mbiri yawo inakumana ndi ya Moçambique.

Ku Vietnam kunali nkhondo yaitali. Inatha pa 30 Epulo 1975. Patapita miyezi iwiri, pa 25 Juni 1975, Moçambique inalandira ufulu. Nthawi imeneyo dziko la Germany linali logawika pawiri. Mbali ya kum'mawa inkasowa anchito m'mafakitale. Mu 1979 inagwirizana ndi Moçambique, ndipo mu 1980 inagwirizana ndi Vietnam, kuti acinyamata apite kukagwira nchito. Mu 1989 kunali anchito a ku Vietnam pafupifupi 60,000 ndi a ku Moçambique pafupifupi 15,000. Onse anali alendo. Onse ankamva kuzizira. Onse ankalakalaka cakudya ca kwawo.

Mu 1990 mbali ziwiri za Germany zinakhala dziko limodzi. Mafakitale ambiri anatsekedwa ndipo nchito inatha. Ambiri a ku Moçambique anabwerera kwawo, kumene anthu amawachula kuti Madjermani. A ku Vietnam ambiri anabwereranso, koma ena anatsala. Otsalawo anafuna njira yodyetsera ana awo. Ena anayamba kugulitsa zovala, maluwa ndi zipatso. Ena anayamba kuphika.

Nyumba yodyeramo yotere kawirikawiri imakhala ya banja limodzi. Wina amadzuka m'mamawa kukaika mafupa pamoto. Wina amatsuka mbale. Wina amalandira alendo. Ndalama za mbale iliyonse zimalipira nyumba ndi kugula mabuku a ana. Munthu akatseka mphuno pamaso pawo, wanyoza thukuta lawo ndi dziko lawo. Akalawa n'kunena kuti "zikomo", wawalemekeza.

Ena anganene kuti ayi

Makolo ena anganene kuti: "Berlin ndi kutali. Ndalama zodyera kunja tilibe. Nkhaniyi ikutikhudza bwanji?" N'zoona, mabanja ambiri a kumudzi sadya m'nyumba zodyeramo. Nsima ya pakhomo ndiyo moyo wawo, ndipo palibe colakwika. Koma alendo amabwera okha. Mu 2012 kampani ya mafoni ya Movitel inayamba nchito mu Moçambique mothandizana ndi kampani ya Viettel ya ku Vietnam. Anchito ocokera ku Vietnam anafika mpaka m'maboma a kumidzi. Ana nawonso amakula n'kuyenda. Wina adzapita ku Beira, wina ku Maputo, wina kunja kwa dziko. Kulikonse adzapeza mbale yacilendo ikumudikira.

Ena anganene kuti: "Pali zakudya zimene banja lathu silidya." Izinso n'zomveka. M'zakudya za ku Vietnam mumakhala nyama ya nkhumba nthawi zambiri, ndipo cipembedzo ca ena siciwalola kudya nkhumba. Ana ena amadwala akadya nsomba kapena mtedza. Pamenepo kholo lifunse woperekera cakudya kuti: "Kodi muno mwaikamo ciani?" Akayankha, lisankhe cina. Kukana kotere kuli ndi cifukwa, ndipo kumanenedwa mofatsa. Kusiyana kwake ndi kunyoza n'koonekeratu.

Zimayambira pakhomo

Mwana wa ku Hanoi ataona mbewa zootcha pandodo angadabwenso. Ataona therere likutanuka angaope. Kodi mwana wa ku Angónia angamve bwanji mlendoyo atamuseka? Angacite manyazi ndi cakudya cimene amayi ake amuphikira ndi cikondi. Manyazi otere amawawa, ndipo saiwalika msanga.

Zotere zimacitikanso pasukulu. M'kalasi limodzi mungakhale mwana wolankhula Cinyanja, wina Cinyungwe, wina Cisena. Pa nthawi yopuma aliyense amatulutsa kamba wake. Wina ali ndi mbatata, wina cinangwa, wina cinthu cimene anzake sanacionepo. Ana akamuseka, mawa adzabisa kamba wake, kapena adzabwera wopanda kanthu n'kukhala ndi njala. Ana akamufunsa kuti: "Tilaweko?", apeza bwenzi.

Ana amatengera akulu. Bambo akanyoza ndiwo za anansi, mwana adzanyozanso. Mayi akalandira mbale ya mlendo ndi manja awiri, mwana adzateronso. Akale anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Nthawi zina amadza ndi mbale ya msuzi. Mwana aphunzire zinthu zitatu: kufunsa dzina la cakudya, kulawa pang'ono, ndi kuthokoza wophika. Akalawa n'kuona kuti sicikumukomera, anene mofatsa. Koma ayambe walawa.

Mafunso

1. Kodi pho amaphika ndi ciani?
2. Kodi nuoc mam imafanana bwanji ndi kapenta?
3. N'cifukwa ciani si bwino kuseka kamba wa mwana wina?