Za Umoyo M'banja: Mau a Dokotala pa Khansa ya Thumba la Mazira

Mayi akabwerako ku chipatala ana amafunsa kuti, "Adokotala ati chiyani?" Kaŵirikaŵiri yankho limakhala lakuti, "Anena zachingerezi." Mwezi uno tifuna kumasulira ena mwa mau amenewo, pakuti mau osamveka amachedwetsa chithandizo.

Tiyambe ndi malo ake. Mayi ali ndi matumba aŵiri a mazira, lina kumanja lina kumanzere kwa chiberekero, ndipo achipatala amalitcha ovary. Khomo la chiberekero ndi malo enanso, ndiwo amati cervix. Apa ndi pamene ambiri timasokonezeka. Kuyeza kwa viniga kumene amayi amakachita ku chipatala kumaona khomo lokha, ndipo katemera wa HPV, amene Malaŵi anayamba kupatsa atsikana a zaka 9 m'chaka cha 2019, amateteza khomo lomwelo. Zonse ziŵirizi n'zabwino ndithu, koma sizifika ku thumba la mazira. Tsono mayi amene anauzidwa kuti alibe vuto atayezedwa ndi viniga asadzitonthoze nazo ngati mimba yake ikutupa tsiku ndi tsiku, akukhuta msanga atangodya pang'ono, akumva kuŵaŵa m'chinena, kapena akukodza pafupipafupi. Zizindikiro zimenezi zikapitirira masabata angapo, makamaka kwa mayi amene anasiya kusamba, abwererenso kwa dokotala.

Kumeneko adzamva za sikani, ndiko kuunika m'mimba ndi makina. Akapeza cyst, ndiko kathumba ka madzi, musayambe kulira maliro. Tambiri totere si khansa ayi. Adzamvanso za CA-125, kuyeza kwa magazi kumene kumangopereka chikaiko, popeza kumakweranso ndi matenda ena. Chotsimikiza ndi kupima kanyama kochotsedwa pa chotupacho, ndiko biopsy. Ndipo madzi odzaza m'mimba, amene anansi amafulumira kuwatcha ufiti, dzina lake ndi ascites; dokotala akhoza kuwapopa kuti wodwala apume bwino.

Mau oti stage amanena pamene nthendayo yafika, kuyambira 1 mpaka 4. Pa 1 ili m'thumba momwemo ndipo ambiri amachira. Pa 4 yafika kutali, monga ku mapapo. Chomvetsa chisoni n'chakuti ochuluka amapezeka nayo itafalikira kale. Chithandizo chake ndi opaleshoni pamodzi ndi chemotherapy, mankhwala a m'diripi, kaŵirikaŵiri carboplatin ndi paclitaxel, operekedwa masabata atatu alionse mpaka maulendo 6. Tsitsi limathothoka, komatu limameranso.

Mau amene mabanja amawaopa koposa ndi palliative care. Ena amayesa kuti achipatala ataya wodwala. Iai, ndi chisamaliro chochepetsa ululu ndi mseru, nthaŵi zina ndi morphine, kuti mayi athe kugona, kudya ndi kucheza ndi adzukulu ake.

Inu anyamata ndi atsikana amene mumaperekeza makolo, tengani pepala mulembe zimene dokotala wanena, ndipo musachite manyazi kufunsa kaŵiri. Akakufunsani ngati agogo, azakhali kapena achemwali a wodwalayo anadwalapo khansa ya bere kapena ya thumba la mazira, yankhani zoona. Akufufuza za BRCA1 ndi BRCA2, mbeu za chibadwa zimene zinadziŵika m'zaka za 1994 ndi 1995. Zikakhala ndi chilema, chimayenda m'mtundu, ndipo mwana wamkazi akhoza kuchitengera ngakhale kwa atate ake.