Sipeya si yokongoletsela motoka, abale anga

Ngati mumakhala m'mbali mwa Great East Road, kaya pa Madzimoyo, pa Mtenguleni kapena pa Msekera, munaziona kale motoka zikuluzikulu zija za alendo oyenda maulendo ataliatali. Ni nyumba zoyenda: bedi ili momwemo, khichini momwemo, filiji momwemo, ina mpaka cimbudzi. Zina zimalowela pa Mwami kucokela ku Malawi, zina zimacokela ku Lusaka, ndipo zambili zimakhotela ku Mfuwe kukaona nyama mu South Luangwa. Anyamata amakonda kuyang'ana masola ali pamtenje na njinga zopacikidwa kumbuyo. Koma tsiku lina ikaima pa filing'i siteshoni mu Chipata, inu muyang'ane cinthu cimodzi cabe: sipeya. Mudzapeza tayala lathunthu, nthawi zina awili, lomangidwa na mabauti pa citsulo cake, lokhomedwa na loko, lina lovekedwa na cisaka kuti dzuwa lisaliwambe.

Manje tembenukani muyang'ane Hiace, Rosa kapena Canter imene imakunyamulani inu na matomato anu. Sipeya ili kuti? Ina inatsala kunyumba, ana akuseweletsa. Ina ilipo koma ni yosalala monga mutu wa khanda. Ina inabwelekedwa na mlamu mwezi wa June, mpaka lelo sinabwele. Koma mseu ni umodzimodzi. Msomali sufunsa pasipoti.

Kucoka ku Chipata kufika ku Lusaka ni makilomita pafupifupi 570. Pa Katete, Sinda, Petauke na Nyimba mungapeze womata tayala. Koma mukadutsa Kacholola, kuwoloka Luangwa Bridge na kuyamba kukwela mapili a Manenekela, nkhani imasintha. Kumeneko tayala likaphulika, mulibe sipeya, mudzagona pamseu. Mayi amene athamangila odwala ku UTH, mnyamata amene ali na intavyu mawa m'mawa, wamalonda amene kabichi yake ifota pa dzuwa, onse amalipila ulesi wa munthu mmodzi. Akulu anati tsoka silinunkha. Ndiye tiyeni tikambilane bwinobwino za tayala limeneli.

Coyamba ni malo ake. Pa Hiace na Canter zambili, sipeya imakhala pansi cakumbuyo, yokwezedwa na cheni kapena yogona m'kabedi ka zitsulo. Malo abwino amenewo, cifukwa kulemela kumakhala pansi ndipo dzuwa silifikako. Vuto ni matope na dzimbili. Mvula imodzi cabe, cheni cimauma gwa, ndipo tsiku la tsoka mudzapukusa mpaka thukuta, tayala osatsika. Kamodzi pa miyezi iwili kapena itatu, litsitseni, mutsuke, mupake gilisi pa cheni, mulikwezenso mpaka ligwile nganganga. Likamagwedela limadya cheni pang'onopang'ono, ndipo tayala logwa pa motoka yothamanga limadumpha monga mpila, lingaphe wa njinga amene alibe mlandu.

Ena amaliponya pamwamba pa kaliya. Taganizani. Tayala la Canter pamodzi na limu yake limayandikila thumba la simenti kulemela, la basi yaikulu limapitilila matumba awili. Cinthu colemela cikakhala pamwamba, motoka imapendama kwambili pa makona. Ndipo ni ndani adzalitsitsa usiku, mvula ili pamsana? Ngati palibiletu malo ena, ligoneke pakati pa kaliya, mulimange na malamba a ratchet kapena cheni. Malegeni a chubu ni omangila nkhuku na makala pa njinga, osati tayala.

Ena amawochelela citsulo kumbuyo kwa motoka n'kupacikapo. Apa samalani kwambili, ngakhale eni nyumba zoyenda zija amavutika napo. Cinthu cikakhala kutali kumbuyo kwa mawilo, kulemela kwake kumaculuka pa akiselo ya kumbuyo ndipo kutsogolo kumapepuka, monga ana awili pa katungwe ka thabwa. Pa mabampu citsuloco cimagwedezeka mpaka poochelela pang'ambike. Uzani wa weludingi agwilize ku chasisi, osati ku citseko kapena ku bampa, ndipo tayala lisabise nambala puleti na malaiti. Loko musaiwale. Sipeya ya pansi kapena ya kumbuyo imasowa mosavuta pamene a dalaiva akudya nsima.

Nanga mkati, pansi pa mpando wa kumbuyo kapena pakati pa anthu? Iyai. Motoka ikagunda kapena kugubuduka, tayala losamanga limauluka, ndipo silisankha mutu. Komanso labala imadana na mafuta. Sipeya imene imagona pamodzi na cigubu ca dizilo codontha kapena batile yakale imafooka isanagwile nchito.

Caciwili ni mphepo. Tayala limataya mphepo pang'onopang'ono ngakhale lilibe pancha, ngakhale lili cigonele. Patapita caka osaliona, mudzalitsitsa lili lofewa monga citumbuwa. Tsiku limene mupima matayala ena, pimani na sipeya yomwe, makamaka m'mawa asanatenthe. Mlingo woyenela umalembedwa pa kapepala kali pa mphuthu ya citseko ca dalaiva. Kumenya tayala na sipana kapena na nsapato si kupima, a kondakitala. Geji ni kacinthu kochipa, sikafika na mtengo wa tiketi ya ku Lusaka. Tayala locepa mphepo limapindika kwambili poyenda, limatentha, kenako phuu! Ganizilani zimenezo mu October ku cigwa ca Luangwa, kumene kutentha kumadutsa madigili 40.

Cacitatu ni zaka. Ambili amangoona mano a tayala, akakhala akuya ati likali nyuwani. Koma labala imakalamba olo isayende. M'mbali mwa tayala muli malemba oyamba na DOT, ndipo kumapeto kwake kuli manambala anayi. Awili oyamba ni sabata, awili otsiliza ni caka. Mukaona 2319, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 mu 2019. Makampani ambili opanga matayala amalangiza kuti likadutsa zaka 5 lizionedwa na wodziwa caka ciliconse, ndipo likakwana zaka 10 licotsedwe, ngakhale ni sipeya imene sinapondepo pansi. Motoka zambili za ku Japan zimafika kuno zili kale na zaka, ndipo kawilikawili sipeya yake ni ija inacoka nayo ku fakitale. Pogula matayala a salaula, welengani manambala amenewo musanatulutse ndalama. Yang'anani ming'alu ing'onoing'ono m'mbali na zotupa monga cithupsa. Mkati mwa mizele ya tayala mulinso tumizele todutsa, totalika mamilimita 1.6. Mano akalingana na tumeneto, tayalalo lapuma nchito. Mubyalemo maluwa kapena mupangile nkhumba modyela.

Cacinayi, kodi sipeyayo ni ya motoka yanu? Pali anthu amanyamula tayala zaka ziwili, tsiku lofunika apeza kuti limu ili na mabowo asanu pamene motoka ifuna sikisi. Liyeseni pakhomo, dzuwa likali. Saizi ifanane na matayala ena. Pa minibasi funani lolembedwa C kapena LT, ndiye lopangidwila katundu. La motoka yaing'ono lingalowe, koma silingapilile anthu odzaza na matumba a nshawa. Pa Rosa na Canter, zimene zili na matayala awiliawili kumbuyo, nkhani ni yokulilapo. Mukaphatikiza lalitali na lalifupi, lalitali limasenza katundu lokha mpaka litenthe, lalifupi likungokhulika. Ndipo muzicotsa miyala imene imapanikizika pakati pa awiliwo.

Sipeya yopanda zida ni ndiwo zopanda nsima. Mufunika jeke yokwanila kulemela kwa motoka ili na katundu, osati kajeke ka Corolla pansi pa Canter. Mufunika wilo sipana yokwana manati anu, paipi yoonjezela mphamvu, tochi, matrayango awili, na pulanga yokhuthala yoika pansi pa jeke. Nthawi ya mvula dothi la m'mbali mwa mseu limafewa, jeke imamila, motoka osakwela.

Pali cinsinsi cina cimene cathyoletsa mabauti ambili. Pa Canter, Rosa, Dyna na Isuzu Elf zambili, manati a mbali ya kumanzele amamasuka mobwelela. Yang'anani pa mutu wa bauti: pakalembedwa L, pomasula mupotoze kumene mumamangila manati wamba. Anyamata atatu amalumphila pa paipi ati nati yauma, pamene akuimanga. Ndipo matayala awili a kumbuyo aja, pa motoka zambili zotele, ali na nati ina ya mkati ya mutu wa makona anayi. Onani ngati sipana yanu ili na mbali imeneyo.

Tsoka likagwa, musaponde mabuleki mwamphamvu. Gwilani siteling'i zolimba, motoka icepetse liwilo yokha, muime pamalo olambalala, kutali na kona kapena pamwamba pa citunda. Anthu onse atsike, aime kutali na tala, osati kukhala pamseu kumbuyo kwa basi kujambula za pa Facebook. Trayango imodzi kutsogolo, ina kumbuyo, patali ndithu. Nthambi za mitengo tinazizolowela, koma usiku siziwala, ndipo a RTSA sazidziwa. Ikani miyala ku mawilo ena. Masulani manati pang'ono tayala likali pansi, ndiye mukweze jeke. Munthu asalowe pansi pa motoka imene yaimilila pa jeke cabe. Pomanga, muzilumphalumpha manati, uku kenako kutsidya, kuti limu ikhale bwino. Mukayenda makilomita 50 kapena kuposelapo pang'ono, imani mumangenso. Mukafika pa tauni yoyamba, matitsani lophwalo. Amene wayenda wopanda sipeya ati "tizaona kutsogolo" ni uja amaphulitsa laciwili.

Inu a Vitz, Corolla na tumotoka twina, simunapulumuke. Kasipeya koonda kaja kali na malamulo ake olembedwa pa limu: osapitilila makilomita 80 pa ola, ndipo kambili kamafuna mphepo yofika 60 psi, pafupifupi kawili ya tayala wamba. Ni kokufikitsani kwa womata, osati kopitila ku Lundazi na kubwelako. Motoka zina zatsopano zimabwela zilibiletu sipeya, muli cabe kabotolo ka mankhwala omatila na kapampu. Kabotoloko kamathandiza pa msomali, koma tayala likang'ambika m'mbali pa cidzenje, kalibe nchito. Musanalipile motoka, tukulani kapeti ya mu buti muone.

Kwa inu eni mamotoka amene mumangodikila kashing'i madzulo: dalaiva akakuuzani za sipeya, si kuti afuna kukudyelani. Motoka yogona pa Kacholola imataya ndalama ya tsiku lonse, kuonjezapo ya motoka ina yopeleka tayala. Ndipo kubweleka sipeya kwa mnzanu pa siteshoni si pulani. Fodya wako ni uja ali pamphuno.

Na inu okwela, pakamwa muli napo. Mukabuka Canter ya ku malilo, ya ku cikwati, kapena ya ku Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa February pamene mvula ikali kugwa, musakambilane mtengo wokha. Nenani mwaulemu: "A dalaiva, tioneko sipeya na jeke." Wanzelu adzakuonetsani. Wokalipa wakuyankhani kale, funani ina. Safunsa anadya phula.

Sabata ino, musanatsuke motoka na kupukuta malimu kuti awale, gwadani pansi muyang'ane tayala lija simunalione cigulile. Tikumane sabata ya mawa, muyende bwino.